Fielder yanga inkafuna mpweya wozizira, inakamwa madzi a ku Area 49

Chinandikola ndi phokoso. Madzulo ena ndili pa mzere wa magalimoto cha ku Area 18, kamnyamata kena kanandipitirira pa Altezza yoyera, ndipo katangoponda moto galimotoyo inatulutsa mawu amene sindinawamvepo pa galimoto wamba. Sikunali kulira kwa ekisozi yobooka kumene tinakuzolowera pa minibasi za ku Area 25 ayi. Kunali kubuula kokhuthala kochokera kutsogolo, ngati chinthu chikumeza mpweya ndi khosi lonse. Ine ndinali m'Fielder yanga ya 2010, thumba la chimanga kumbuyo, ana awiri ochokera kusukulu akukangana za chingamu, ndipo ndinamva kansanje kamene bambo wa zaka zopitirira 40 sayenera kukavomera pagulu.

Usiku womwewo ana atagona ndinamaliza bandulo yonse pa YouTube. Chobuulacho dzina lake ndi cold air intake, ndipo nzeru yake siyovuta kuimva. Injini ya petulo imakoka mpweya, kuusakaniza ndi mafuta, kuyatsa, n'kutaya utsi. Kuti galamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino pamafunika magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Kuwonjezera mafuta n'kosavuta, kompyuta ya galimoto imangotsegula ma injector, timipopi topopera mafuta mu injini, kanthawi kotalikirapo. Chimene chimasowa ndi mpweya. Tsono mpweya ukatentha umafutukuka, moti m'malo omwewo mumalowa okosijeni wochepa. Mpweya wa madigiri 60 umapepuka ndi pafupifupi 9 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi wa madigiri 30. Ndiye anthu amachotsa bokosi lakuda la pulasitiki limene galimoto imabwera nalo, n'kuikapo paipi yosalala, yotakata, yokhala ndi fyuluta yosongoka ngati fanulo kumapeto kwake, kutali ndi kutentha kwa injini.

Panali chinthu china chimene chinandipatsa chifukwa chodzinamiza nacho. Fielder yanga ili ndi injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, yomwe mapepala a ku Japan amati imatulutsa ma horsepower 110. Koma mapepalawo amawerengera mpweya wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndipo kuno mpweya ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Injini yopanda turbo imataya mphamvu mofanana ndi mpweya umene yasowa. Kunena kwina, galimoto yanga inasiya ma horsepower ena 10 kapena 11 padoko la Dar es Salaam isanafike n'komwe pa Songwe. Amene amayenda wa ku Dedza, komwe ndi kokwera kuposa kuno, amadziwa mmene kagalimoto kakang'ono kamawefukira pazitunda zija kakadzaza anthu. Ndinadziuza kuti sindikufuna zachibwana, ndikungofuna kubweza zanga zimene phiri linandilanda.

Loweruka ndinapita ku Biwi kwa amakaniki anga, bambo wachikulire amene wakhala akugwira magalimoto anga kuyambira pa Corolla yakale imene ndinayambira. Ndinawaonetsa kanema pafoni. Anaonera mpaka kumapeto osanena kanthu, kenako anapukuta manja pa ovolosi.

"Bwana, galimotoyi yakulakwirani chiyani?"

"Palibe, madala. Ndikungofuna izipuma bwino."

"Yakuuzani kuti ikubanika?"

Anyamata awo a masipanala anaseka. Madalawo anatsegula boneti n'kundilozera kampaipi kakuda kamene kamachoka pa bokosi la air cleaner kupita kutsogolo, pafupi ndi nyali. Anati aku Japan sanali ogona, mpweya umene galimotoyi imakoka ndi wakunja kale, si wa pa injini. Ndinamva, koma mmene munthu amamvera ulaliki ali ndi njala.

Alamu anga amakhala ku Johannesburg, ndipo patatha milungu itatu katoni inafika pa basi yodzera pa Dedza. Ndalama yake sindiitchula chifukwa mayi a kunyumba amawerenga zimene ndimalemba. Ndingoti ikanagula feteleza wokwanira kamunda kathu ka ku Mitundu. M'katonimo munali mapaipi awiri a aluminiyamu onyezimira ngati mapoto atsopano, otakata mamilimita 76, zolumikizira za silicone zabuluu, makilampu, kachitsulo komangirira, kapaipi kakang'ono ka labala, ndi fyuluta yofiira ya thonje yonyowa ndi oyilo. Pakatoni panalembedwa kuti imakwana pa galimoto iliyonse. Mawu amenewo ndinawawerenga ngati uthenga wabwino.

Ndinaganiza zoika ndekha pakhomo, mwina chifukwa cha kuseka kwa anyamata aja. Ntchito yochotsa zakale ndi yosavuta, ndipo pafupifupi yonse imatheka ndi sipanala ya 10 ndi sikuludiraiva. Ndinayamba ndi kumasula waya wa negative pa batire. Kenako ndinazula pulagi ya sensa imene imakhala pa chivundikiro cha bokosi, imene amakaniki amangoitchula kuti airflow ndipo mabuku amati MAF. Ndinamasula kilampu ya pa throttle, kachitseko kamene kamatseguka ukaponda moto, ndinasolola kapaipi kopumira kochokera pamwamba pa injini, ndinamasula mabawuti a pansi pa bokosi, lonse n'kutuluka. Pansi pake panatsala malo aakulu opanda kanthu, ndi masamba ouma a mtengo wa mango wa pakhomo pathu.

Sensa ija ndi imene muyenera kuigwira ngati dzira. Ili ndi masikuluu awiri okha, ndipo mkati mwake muli kawaya kopyapyala kwambiri kamene kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta imaona kuchuluka kwa magetsi ofunika kuti kawayako kakhalebe kotentha, n'kudziwa kuti mpweya walowa wochuluka bwanji. Momwemo mulinso kachipangizo koyeza kutentha kwa mpweya. Sensayo imayang'ana mbali imodzi yokha, ukaitembenuza imawerenga zabodza. Ndinaisamutsira pa kabowo ka paipi yatsopano, ndinamanga, ndinalumikiza kapaipi kopumira kaja. Aka musakaiwale: kakatsala pululu, injini imakoka mpweya umene sensa sinauwerenge, pamodzi ndi fumbi losasefedwa.

Tsiku loyambalo ndinachita ulesi. Kuti fyuluta itsike kumene kuli mpweya wozizira kumafunika kukweza galimoto pa jeke, kuchotsa tayala lakutsogolo ndi pulasitiki ya mkati mwa mudguard, ndipo dzuwa linali litapendeka. Ndiye ndinangoika paipi imodzi, fyuluta n'kukhala m'boneti momwemo pambali pa batire. Kaikidwe kameneka ali nako dzina lake, amati short ram. Ndinabwezera waya wa batire, ndinaliza galimoto, ndinaponda.

Abale, inabuula. Galu wa aneba anauwa, mwana wanga wamng'ono anatuluka m'nyumba akuthamanga. Phokoso limeneli injini iliyonse ili nalo, limachokera ku ma valve akamatseguka ndi kutsekeka, koma a fakitale amalibisa ndi bokosi lija komanso timabokosi tina topanda kanthu totchedwa resonator. Ine ndinali nditalimasula, ndipo usiku umenewo ndinagona ngati munthu amene wapambana mlandu.

Posakhalitsa zinthu ziwiri zinandidzutsa kutulo. Choyamba, Fielder yanga ndi ya giya ya CVT, yopanda masitepe. Altezza ya kamnyamata kaja inkakweza mawu, kudula, kukwezanso, ngati nyimbo. Yanga ukaponda, injini imakwera n'kukhazikika pamalo amodzi, liwiro n'kumabwera pambuyo pang'onopang'ono. Ndiye phokoso lake linali limodzimodzi losasintha kuchokera pa Crossroads mpaka ku Kanengo. Mayi a kunyumba anapirira mpaka pa Area 18, kenako anati, "Bambo a ana, tikupita kutchalitchi kapena kuchigayo?"

Chachiwiri chinabwera Lachitatu: kanyali kachikasu ka check engine. Galimoto inayamba kuchita ngati ikuzengereza ponyamuka, ndipo ikaima pa maloboti inkanjenjemera pang'ono. Ndinabwerera ku Biwi mutu uli pansi. Madala aja sananene kuti ndinakuuzani, anangoitana mnyamata wa zamagetsi wa pafupi nawo kuti abwere ndi makina ake a diagnosis. Anatulutsa P0171, kutanthauza kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya. Mnyamatayo anandionetsa manambala a fuel trim ali pamwamba kwambiri, kusonyeza kuti kompyuta inkawonjezera mafuta mpaka pamene inafika pothera mphamvu zake, n'kuyatsa nyali yodandaula.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chimene katoni ija sinanene. Sensa ya airflow siyeza mpweya wonse wodutsa m'paipi. Imalawa kampweya kochepa kodutsa pa kawaya kaja, ndipo kompyuta imachulukitsa poganiza kuti paipi ndi yotakata monga inachokera ku fakitale. Ukaika sensa yomweyo m'paipi yokulirapo, mpweya wofanana umadutsa mwaulesi, ngati madzi a mtsinje wa Lilongwe pamalo otambalala, sensa n'kunena kuti walowa wochepa. Kompyuta imapereka mafuta ochepa. Sensa ya okosijeni ya ku ekisozi imaona kuti zinthu sizikugwirizana n'kuyamba kukuwa. Injini yoyenda ndi mafuta ochepa chotere imatentha mkati kuposa muyezo, ndipo ukaikakamiza nthawi yaitali ma valve ndi mapisitoni ndi amene amalipira.

Mankhwala ake anali a ku Biwi enieni. Madala anatenga chivundikiro cha bokosi langa lakale, anadula ndi sowo kachigawo kozungulira kamene sensa imakhalapo, anakapala bwino m'mbali, n'kukalowetsa pakati pa mapaipi onyezimira aja ndi zolumikizira zochepetsa. Sensa inabwerera m'nyumba yake yakale, ya muyezo wake. Zinkaoneka ngati munthu wovala suti ndi nkhwaira za matayala, koma nyali inazima ndipo manambala anatsika. Pomwe ankadula ndinamva kachisoni pang'ono, koma ndinadziuza kuti bokosilo sindidzalifunanso.

Popeza makina anali olumikizidwa kale, ndinapempha mnyamata uja kuti tizungulire nawo. Unali mwezi wa October, dzuwa lija loswa mtengo. Tili pa mzere wa pa mlatho wa Lilongwe kulowera ku Old Town, nambala ya kutentha kwa mpweya wolowa inkangokwera mpaka inapitirira madigiri 60, kunja kuli cha m'ma 30. Fyuluta yanga inkakoka mpweya wochokera pa radiator, umene fani inkauponyera m'boneti. Ndinali nditalipira ndalama ya feteleza kuti galimoto izipuma mpweya wotentha kuposa umene inkapuma kale. Mnyamatayo anayesetsa kusaseka.

"Biggie, apa ndiye mwaika hot air intake."

Ndiye Loweruka lotsatira tinachita ntchito yonse monga iyenera kukhalira. Jeke, tayala kunja, pulasitiki ya mkati kunja, resonator yotsala kunja. Paipi yachiwiri inatsika kudzera pa mpata wa pansi pa nyali, fyuluta n'kukakhala kuseri kwa bampa, kutsogolo kwa tayala. Madala anaumirira zinthu zitatu zimene ine ndikanazidumpha. Anamangirira paipi ku bodi ndi kachitsulo kokhala ndi labala pakati, chifukwa injini imagwedezeka payokha pamene bodi ili chete, ndipo paipi youma gwa imathyoka kapena kusolola zolumikizira. Anaonetsetsa kuti paliponse pamene aluminiyamu yayandikira waya kapena chitsulo pali mpata wolowa chala, chifukwa pa misewu yathu chokhudzana chilichonse chimapalana mpaka kubooka. Ndipo makilampu onse anawamanga komalizira, zonse zitakhala m'malo mwake. Pobwezera pulasitiki ya mkati anandiyang'ana.

"Iyi musadzaichotse. Ndipo mvula ikayamba mubwere tidzakambirane."

Tsopano mpweya unazizira ndithu. Galimoto ikamayenda, nambala ija inkangoposa ya kunja ndi madigiri ochepa. Funso n'lakuti, kodi mphamvu inabwera? Ndakhala ndikulizungulira funsoli ndipo yankho loona ndi lakuti mwina pang'ono, kumtunda kwenikweni, ukaponda mpaka pansi injini ikuzungulira ka 5,000 pa mphindi kupita m'mwamba. Ndinakamva kamodzi kapena kawiri popitirira thiraki pa msewu wa ku Salima, ndipo ngakhale pamenepo sindingalumbire kuti anali matayala kapena makutu anga. Phokoso limanyenga thupi. Chinthu chikamalira kwambiri umaona ngati chikuthamanga.

Chifukwa chake ndinachimvetsa mochedwa, koma n'chosavuta. M'tauni muno timayenda phazi lili pang'ono chabe pa moto, kutanthauza kuti kachitseko ka throttle kamakhala kotseka mbali yaikulu. Chimene chikuletsa mpweya nthawi imeneyo ndi kachitsekoko, mwadala, osati fyuluta. Kukulitsa paipi kuli ngati kukulitsa msewu wopita pa geti lotsegulidwa theka. Ndipo nkhani ija amalonda amakonda, yoti mudzapulumutsa mafuta, siigwirizana ndi masamu a injini: kompyuta imasunga muyezo wa 14.7 uja, mpweya ukachuluka mafutanso amachuluka. Kwa ine mafuta ankatha msanga kuposa kale, osati chifukwa cha paipi koma phazi langa, lomwe linkafuna kumva nyimbo pa mphambano iliyonse. Imeneyo inali nthawi ya mizere ya mafuta, yogona pa filling station. Munthu wochezera usiku wonse kudikira malita 20 n'kumakawawotcha kuti amve phokoso, mutu wake ngofunika kuuyeza ndi makina a diagnosis.

Mpweya wozizira weniweni, wa ulere, Lilongwe amaupereka m'mawa wa June ndi July, pamene kumazizira mpaka kutsika madigiri 10 ndipo alonda amaotha moto wa makatoni. Yendetsani galimoto iliyonse nthawi imeneyo, ya bokosi lake lakuda lomwelo, mudzamva kuti yadzuka bwino. Kusiyana kwa m'mawa wa July ndi masana a October n'kokulirapo kuposa chilichonse chimene paipi yanga inandipatsa.

Mdani woyamba anali fumbi. Mavidiyo amene ndinkaonera anajambulidwa m'mayiko a misewu ya phula mpaka pakhomo. Kwathu kuno phula limathera pa msewu waukulu, kotsalako ndi dothi lofiira lija limene m'chilimwe limasanduka ufa, ndipo nthawi imeneyo n'kuti akukulitsa misewu ya m'tauni, tikuyenda m'njira zapambali kumbuyo kwa mathiraki. Fyuluta yanga inali pansi, kutsogolo kwa tayala, penipeni pamene fumbi la galimoto yakutsogolo limafikira. Patangotha milungu itatu, kufiira kwake kwa m'sitolo kunasanduka kufiira kwa katondo.

Fyuluta ya pepala imene galimoto imabwera nayo ili ndi timabowo tating'ono kwambiri ndi mapindo ambiri. Ya thonje imalola mpweya wambiri chifukwa mabowo ake ndi aakulu, ndipo imadalira oyilo kuti agwire fumbi. Oyiloyo akauma kapena akakwiririka, fumbi losalala limadutsa. Tsiku lina madala anamasula paipi ya pafupi ndi throttle, anapisamo chala, n'kundionetsa osalankhula. Chinatuluka chofiirira. Fumbi lathuli ndi mchenga wosalala, ndipo likalowa m'silinda limagwira ntchito ya sandpaper pa ma ring a pisitoni. Silipha injini lero. Limadya pang'onopang'ono mpaka tsiku lina uzidzadabwa kuti oyilo akupita kuti.

Ndinaitsuka fyulutayo ndi sopo wake, ndinaiyanika pamthunzi, ndinaithira oyilo watsopano. Poopa fumbi ndinathira mowolowa manja, ngati mafuta a mandasi. Patapita masiku ochepa nyali yachikasu inabweranso. Oyilo wochuluka uja anakokedwa ndi mpweya n'kukamata kawaya ka sensa, fumbi n'kukakamira pamenepo. Kawaya kovala jekete sikamva mphepo. Tinakatsuka ndi spray yake yeniyeni ya MAF, osakakhudza ndi chilichonse. Musalole munthu akupopereni carb cleaner pamenepo kapena kupukuta ndi kansalu, ena ataya sensa yabwinobwino motero. Kuyambira pamenepo moyo wanga unali wa pakati pa miyala iwiri: oyilo akachepa fumbi lilowa, akachuluka sensa idwala.

Mvula inayamba mu November, ndipo ine sindinapite kukakambirana. Ndinagula kansalu kovala pa fyuluta ngati sokosi, kamene amati kamaletsa madontho, n'kudziona ngati ndathana nazo. Kamaletsadi madontho. Chithaphwi ndi nkhani ina.

Linali Lamlungu la mu January, titachokera kukaona agogo a ana ku Area 49. Mvula inagwa ya maola awiri, ija imasandutsa njira za m'makomo kukhala mitsinje. Pa kamsewu kena kadothi panali malo otsika odzaza madzi, mwina mamita 10 kutalika. Ndinaona Sienta itadutsa bwinobwino. Ndi bokosi lakale, lomwe pakamwa pake pali m'mwamba pafupi ndi nyali, madzi ofika m'munsi mwa bondo sakanandiopsa, ndipo mutu wanga unali ukuganizabe ngati mwini wa galimoto yakaleyo. Ndinalowa pang'onopang'ono. Ndili pakati, minibasi inatulukira kutsogolo osachepetsa liwiro, n'kukankha funde la madzi amatope limene linamenya bampa yanga. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Dzanja linapita lokha pa kiyi. Chimene chinaligwira sindichidziwa, mwina mawu aja oti mubwere tidzakambirane. Ndinaimba foni.

"Madala, yazima m'madzi."

"Mwailizanso?"

"Ayi."

"Musayerekeze. Chotsani kiyi muike m'thumba. Ngati muli ndi mayi pamenepo apatseni asunge."

Anyamata a m'deralo anatikankhira kumtunda, madzi ali m'mawondo, pamtengo umene tinagwirizana mvula ikutinyowetsa tonse. Mng'ono wanga anabwera ndi pickup n'kutenga mayi ndi ana, ndipo Fielder inagona pakhomo pa munthu wachifundo mpaka m'mawa, pamene tinaikoka kupita ku Biwi.

Chimene madala ankaopa ndi ichi. Mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. Silinda imodzi ya injini yangayi imakoka pafupifupi mamililita 374, ndipo pisitoni ikafika pamwamba zonsezo zimafinyidwira m'kamalo ka mamililita 40 okha, chifukwa compression yake ndi 10.5 kwa 1. Mamililita 40 sakwana n'komwe masipuni atatu aakulu. Madzi oposa pamenepo akalowa m'silinda imodzi, pisitoni imakwera n'kugunda khoma. Ngati injini ikuthamanga, kapena ngati starter ikuikakamiza, chimene chimagonja ndi con rod, chitsulo chimene chimagwira pisitoni: imapindika, nthawi zina imathyoka n'kuboola block. Pamenepo nkhani imakhala yofunafuna injini ina.

Anachotsa ma coil ndi mapulagi onse anayi, anazula fuse ya pampu ya mafuta, anamasula paipi yanga yonyezimira n'kuipendeketsa. Munatuluka madzi odzaza kapu, amtundu wa thobwa. Kenako anazungulitsa injini ndi sipanala pamanja kaye, pang'onopang'ono, akumvetsera. Itazungulira popanda kugwira, anauza mnyamata kuti agunde starter. M'mabowo awiri a mapulagi munatumphuka madzi mpaka kunyowetsa boneti. Anabwereza mpaka kunangotsala nkhungu, anayeza compression ya masilinda onse, n'kupeza kuti akufanana. Chinandipulumutsa n'chakuti ndinalowa m'madzimo injini ili pansi kwenikweni, moti inazima yokha isanadzipweteke, komanso kiyi uja anali m'chikwama cha mayi. Oyilo anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka. Tinasintha pamodzi ndi fyuluta yake, ndinayenda masiku atatu, tinasinthanso.

Galimoto italira, madala anakhala pa tayala lakale n'kundifunsa ngati ndikufuna abwezere paipi. Anati zilipo njira: kuikweza fyuluta m'boneti nyengo ya mvula n'kuitchinga ndi lata kuti isamve kutentha kwa injini, kenako kuitsitsanso mu May. Kapena kuika kavalavu kamene kamatseguka fyuluta ikamira. Ndinawerengera m'mutu. Miyezi isanu ya mvula ndikuopa chithaphwi chilichonse, miyezi ina inayi ndikutsuka fumbi sabata ndi sabata, kuti ndipeze mphamvu imene sindingathe kulumbira kuti ilipo, pa galimoto yonyamula chimanga ndi ana asukulu. Pa galimoto ya turbo yochunidwa kompyuta, yoyenda pa phula lokhalokha, mwina masamu ake amatuluka mwina. Pa Fielder ya ku Lilongwe sanatuluke.

"Bwezerani bokosi, madala."

"Liti? Lija tinadula lija?"

Ndinayenda Biwi yense masana amenewo, shopu ndi shopu, kufunsa chivundikiro cha air cleaner ya Fielder. Aliyense anali ndi bokosi lathunthu, palibe amene ankafuna kugulitsa chivundikiro chokha, ndipo aliyense ankafuna kudziwa kuti langa linapita kuti. Ndinagula lathunthu, lochotsedwa pa Axio yangozi, chifukwa injini yake ndi imodzimodzi. Resonator yanga yakale ndinakaipeza kuseri kwa nyumba, ana ataisandutsa chothirira maluwa. Ndinagulanso fyuluta ya pepala, yoyera, yosanyezimira, ndipo tsopano ndimaisintha msanga kuposa mmene buku limanenera, makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa.

Paipi ija inakhala m'sitolo ya kunyumba miyezi iwiri, pamwamba pa matumba a chimanga. Kenako mmodzi wa anyamata a masipanala aja, yemwe anaseka kwambiri tsiku loyamba, anandipeza ndikusinthitsa mabuleki. Anazungulirazungulira, kenako anafunsa ngati ndikuigulitsa. Ali ndi ka Vitz kakale kamene anakadzutsa yekha.

Ndinamukumbutsa kuti iye ndi amene anagunda starter tsiku lija, madzi anamuthira kumaso.

"Ndikudziwa, bwana. Koma mmene imalirira muja."

Ndinamugulitsa pa theka la mtengo, fyuluta ndi kasokosi komwe. Masiku ano ndikapita ku Biwi ndimamumva akubwera asanakhote n'komwe pa kona, ndipo madala amangopukusa mutu osadzutsa nkhope m'boneti.